Tsekani Maso, Abambo

3 Malichi

Wokondedwa mlongo wanga Wailesi,

Ndikhulupirira unafika bwino ndipo pogona unapeza. Kuno tili bwino, ine ndi abambo, kungoti nyumba yazizira. Abambo akuti dzina lija anakupatsa loyenera, chifukwa chichokere iwe zili ngati wina wazimitsa wailesi n'kupita nayo. Tatsala ine Chete ndi makina osokera, ndipo pa awirife wolankhula ndi makina.

Usadabwe kuti ndalemba kalata pomwe uli ndi foni. Ukudziwa kuti pafoni ine ndimangoti ee ndi ayi, komanso foni ya kuno imakhala m'thumba mwa abambo. Papepala ndiye mawu amabwerako, ngakhale kalembedwe kanga ndi ka kupulayimale. Adalaivala a basi yam'mawa avomera kumatitengera makalata, ati chipatala chakocho amadutsa pakhomo pake penipeni.

Ntchito ilipo. Talandira mayunifolomu a sukulu, abambo akupalasa makina kuyambira m'mawa, ine ndikusita ndi kuika mabatani. Aliyense wobwera kudzayesa malaya akumuuza kuti mwana wawo ndi dokotala. Ndikawakumbutsa chapansipansi kuti sukulu ya udokotalayo uyamba mu Seputembala, kuti pano ukungothandiza osalipidwa, amati, "Mwana ameneyu ndamudula kale, kwatsala n'kusoka."

Tiuze za kumeneko. Amakupatsa ntchito yanji? Ukudya mokwanira?

Ndine mlongo wako,
Chete


15 Malichi

Achemwali anga,

Kalata yanu ndalandira ndipo ndasangalala kumva kuti muli bwino. Inenso ndili bwino. Muwauze abambo kuti udokotala wanga pakali pano ndi wonyamula beseni.

Chipatalachi kale chinali sitolo ya matayala, ndipo dzuwa likatentha fungo lake limabwerera. Muli tizipinda titatu ndi mabenchi aatali pakhonde. Obwera kuno ndi anthu amene kwina sangalowe chifukwa cha mitengo yake: onyamula katundu pamsika, alonda, amayi ochapa zovala za eni. Dokotala amabwera kawiri pa sabata. Masiku ena onse mwini wake ndi anesi aakulu, mayi wamfupi amene sindinamuonepo mano. Tsiku loyamba ndinawafotokozera mbiri yanga yonse, iwo akungotsuka m'manja. Nditamaliza anati, "Pakamwa tapaona. Mawa ubwere ndi makutu." Ntchito yanga ndi kuitana mayina, kuimika anthu pa sikelo, kuyeza kuthamanga kwa magazi, ndi kugwira beseni potsuka zilonda.

Lachinayi ndi tsiku la odwala shuga. Matendawa amapha kumva kwa mapazi pang'onopang'ono, moti munthu amatha kuponda msomali osadziwa. Ndiye anesi ali ndi kachingwe kapulasitiki, kolimba ngati tsitsi la burashi. Wodwala amavula nsapato, amatseka maso, iwo amamukhudza nako kuphazi mpaka kapindike, n'kufunsa, "Mwamva?" Koma anthu ambiri amangoti ndamva. Choncho nthawi zina anesi amafunsa asanakhudze n'komwe. Mlonda wina wachikulire anayankha kuti, "Ndamva ndithu, chala chachikulu," pomwe kachingwe kali m'malere. Ine ndinaseka. Anesi ananditulutsa panja, ndipo odwala atatha anandiuza kuti, "Bambo uja akuopa kuti akangoti sakumva, ntchito yake yatha. Choseketsa ndi chiti pamenepo?" Manyazi ake sanathebe.

Kodi abambo akumwa mapilitsi awo a shuga? Pafoni amangoti ali ngati mnyamata.

Mlongo wanu,
Wailesi


29 Malichi

Wailesi mlongo wanga,

Moni kuchokera kwa ine ndi abambo. Kalata yako ndinawawerengera, poti maso awo akukana zilembo zazing'ono masiku ano. Za beseni anaseka mpaka kutsokomola. Za mlonda uja sanaseke, anangoti ndipitirize. Inonso ndiwawerengera ndisanaimate, ati m'nyumba muno mulibe zobisirana.

Za mapilitsi, ati ndikuuze kuti akumwa.

Lachiwiri kunachitika kanthu. Ndikusesa madzulo ndinaona timadontho ta magazi pa simenti, kuchokera pa makina mpaka pakhomo. Titayang'ana tinapeza phini itaboola silipasi n'kulowa kuphazi kwawo. Ati mwina inalowa m'mawa. Iwo anaseka, ati phazi la telala ndi chikopa cha ng'ombe. Masilipasi awo ndi akalekale aja, apyapyala ngati pepala.

Ndangoti ndikuuze poti iwe ukuona zambiri kumeneko. Uwerenge bwino.

Chete


8 Epulo

Achemwali,

Moni nonse. Ndamva zimene mukutanthauza. Inu chinthu simupempha mwachindunji, ndimakudziwani, mumachizungulira ngati mukusesa pansi pa bedi. Nazo nsapato za abambo, ndawapatsira adalaivala. Ndi zachikopa, zakuda, zomanga ndi zingwe. Anesi amauza odwala shuga kuti asamayende ndi masilipasi, azivala zotseka, ndiye ndinazungulira msika wonse Loweruka mpaka kuzipeza. Saizi ndayerekeza ndi phazi langa n'kuchotsako imodzi, poti ine ndinawapitirira msinkhu.

Pepani ndalemba mwachidule. Kwabuka matenda otsegula m'mimba kuseri kwa msika, ana adzaza mabenchi, beseni silikuuma. Masilipasi ajawo mutaye.

Wailesi


20 Epulo

Mwana wanga dokotala,

Ndine bambo ako ndikulankhula, mlongo wako akulemba. Ndili bwino kwambiri, kaya iwe.

Nsapato ndalandira. Chibadwire sindinavalepo chinthu chogulidwa ndi mwana wanga, ichi n'choyamba. Zikundikwana ngati unandiyeza ndi tepi. Mlongo wako akuti zikuoneka zothina, koma wovala ndine, ndipo sindikumva kuthina kulikonse. Ndikuvala kuyambira m'mawa mpaka pogona, makina ndikupalasa nazo zomwezo. Wokonza njinga wa pafupi nafe uja anafunsa ngati ndikukwatira.

Tsono tamvera. Za kuno usamaziganizire. Unalonjeza anesi akowo kuti ukhala mpaka Ogasiti, ndipo ndi iwo amene akakunenere zabwino kusukulu. Usabwere nthawi isanakwane. Mayi ako anamwalira pa benchi akudikira dokotala amene sanafike, ndipo ine ndinalumbira kuti m'nyumba muno mutuluka wathuwathu. Mlongo wako anasiya sukulu kuti iwe upitirize, sanadandaulepo. Dokotala amene adzagwire thupi langa ndi iwe. Ena ayi.

Bambo ako

Ndalemba monga anenera. Chete.


11 Meyi

Wailesi,

Ino sindiwawerengera. Ndikulembera kuseri kwa nyumba, iwo akuganiza kuti ndikuyanika zovala.

Ine sindinapemphe nsapato. Ndimafuna uone kuti munthu wayenda ndi phini kuphazi tsiku lonse osamva, ngati mlonda wako uja. Sindikanatha kulemba choncho iwo akumvetsera. Sindikukudzudzula, vuto ndi langa losatha kunena zinthu.

Mapilitsi anasiya kale. Botolo lake amasungiramo mabatani.

Sabata yatha ndikuchapa ndinapeza sokosi yakumanja itauma gwa kunsonga, ili ndi fungo. Nditawapempha kuti ndione phazi anakana, koma tsiku lina akusamba m'miyendo pakhonde ndinaona. Nsapato yawadya chala chaching'ono ndi choyandikana nacho. Pali chilonda, m'mbali mwake mwayamba kuda. Iwo ati ndi thuza chabe, ndipo m'mawa anavalanso.

Ndiye dzulo ndinazula tsitsi limodzi pa burashi ya zovala. Ndinati, "Abambo, ndiyeseko ntchito ya Wailesi ija." Anaseka, ati nyumba yadzaza madokotala, n'kutambasula mwendo pa mpando. Ndinati atseke maso. Ndinafunsa ndisanawakhudze, ati ndamva. Ndinafunsanso dzanja lili pa bondo langa, ati ndamva, pachidendene. Kenako ndinawakhudza ndithu mpaka tsitsi lija linapindika, osafunsa kanthu. Anangokhala, maso ali chitsekere, akumwetulira, akudikira kuti ndiyambe. Pomaliza anati, "Ndakhoza?" Ine ndinati ee.

Kuchipatala chaching'ono cha kuno akana. Ati anthu akaona telala pamzere wa odwala mapazi asiya kubweretsa nsalu, komanso ati akudikira dokotala wawo. Andiletsa kukuuza, ati uthawa ntchito.

Ndinabwereka foni kwa amayi ogulitsa makala ndi kukuimbira. Unayankha pali phokoso la ana, unati, "Ndani? Lankhulani msanga." Mawu anandithawa, ndinadula.

Sindikuti usiye ntchito. Ungowafunsa anesi akowo, undiuze chochita. Ndikutsuka ndi madzi a mchere akalola, koma sindikudziwa ngati ndikukonza kapena kuwononga.

Chete


19 Meyi

Achemwali anga okondedwa,

Mwangoti zii, ndiye ndikuona kuti kuli bwino. Adalaivala athu sindikuwaona masiku ano, ati basi yawo ili kugalaja, choncho ino ndapatsira kondakitala wa basi yamasana.

Nkhani yabwino ndi yakuti Lachinayi anesi anandipatsa kachingwe kaja kuti ndiyeze ndekha, iwo ataima pambali. Ndinayeza amayi ena ochapa zovala. Nditafunsa ndisanakhudze anati ndamva, ndipo ulendo uno sindinaseke. Ndinangoti, "Amayi, musaope, kuno kusamva si mlandu." Atamva zimenezo anandiuza zoona. Pambuyo pake anesi anati, "Makutu ayamba kumera." Kwa mayi ameneyu mawu amenewo ndi mphatso yaikulu.

Nsapato zija zikuwala? Muwauze abambo kuti polishi ndibwera naye mu Ogasiti.

Wailesi


25 Meyi

Wailesi,

Kalata yako yandiuza kuti yanga sunalandire. Masiku onsewa ndimadikira yankho la kalata imene yagona m'basi yakufa. Ndimaganiza kuti wakwiya nane.

Sindibwereza zonse. Abambo ali ndi chilonda kuphazi, zala ziwiri zada, phazi latupa mpaka nsapato yakana kulowa, ndipo kuyambira dzana atentha thupi. Lero m'mawa anakhalabe pa makina. Atatuluka pang'ono ndinachotsa lamba wa makina n'kumubisa. Pobwera anapalasa, gudumu likungozungulira, singano osayenda. Anati, "Lamba ali kuti?" Ndinati ndamubisa. Anati, "Iwe?" Ndinati ee, ndipo sindimubweza mpaka phazi lionedwe. Anandikalipira mawu amene sindilemba. Ndinangoyang'ana pansi, koma sindinasunthe. Atatopa ndinati, "Munati mukudikira dokotala wanu. Tiyeni kwa dokotala wanuyo."

Ino ndapatsira kondakitala wamasana uja. Ife tikwera basi ina iliyonse mawa m'mawa. Utidikire pakhonde.

Chete


12 Juni

Achemwali,

Ndikhulupirira munafika bwino kunyumba ndipo eni zovala sanakuvuteni kwambiri. Abambo atuluka ku chipatala chachikulu kumene anesi anawatumiza. Monga munasiyira, zala ziwiri zija anachotsa, koma phazi latsala ndipo chilonda chikuyera. Dokotala wakumeneko ati mukanachedwa pang'ono akanadula pansi pa bondo. Pano ali m'chipinda changa, iwo pa bedi ine pansi. M'mawa uliwonse ndimapita nawo kuchipatala chathu chija kukatsuka chilonda. Amakhala pa benchi ndi alonda ndi onyamula katundu, ndipo amudzudzula kale munthu wina chifukwa cha kolala yosokedwa mokhota.

Kalata yanu ya pa 11 Meyi yafika dzulo. Adalaivala anaipeza pansi pa mpando basi itatuluka kugalaja. Ndinaiwerenga pakhonde odwala atatha. Foni ija ndikuikumbukira, ndinaganiza kuti ndi munthu wosokera nambala.

Achemwali, munandilembera za phini, ine tsiku lililonse ndikuona mapazi otere, koma ndinangoona masilipasi. Zala za abambo zadyedwa ndi nsapato zanga. Ndinapita kwa anesi kukawauza kuti ndikusiya, kuti munthu wotere asapite kusukulu ya udokotala. Anandimvetsera mpaka kumapeto. Kenako anati, "Zoti azivala zotseka unamva. Zoti phazi liyezedwe kaye, ndiponso liziyang'anidwa tsiku ndi tsiku, ndinanena iwe ukulankhula. Pano sudzaiwalanso. Beseni likudikira." Ndinanyamula besenilo, koma mtima sunakhazikike mpaka lero.

Nsapatozo ndimati nditaye, abambo anandigwira dzanja. Ati, "Usataye. Pano zala zachepa, zindikwana." Anaseka okha.

Chinthu chimodzi ndiuzeni. Tsiku munafika lija anesi ananditulutsa, ati kuno munthu sagwira m'bale wake. Polowa abambo amanena kuti kuchipatala chachikulu sapita, aphedwe kaye. Potuluka anali atavomera. Munachitika chiyani m'chipindamo? Iwo sakunena. Anesi ati ndifunse inu.

Mlongo wanu,
Wailesi


21 Juni

Wokondedwa mlongo wanga,

Moni kwa iwe ndi abambo. Ine ndili bwino. Ndikuuza zimene wafunsa, koma ino usawawerengere.

Utatuluka, anesi anamasula nsanza imene ndinamanga kuphazi, anayang'ana nthawi yaitali. Anafunsa kuti chilonda chinayamba liti. Abambo anati dzana. Anafunsa za mapilitsi, ati akumwa. Ine ndinali nditaima pakona ndi chikwama. Ndinamva mawu akuti, "Si zoona," ndipo ndinadabwa kuti atuluka mwa ine. Ndinanena za phini, za botolo la mabatani, za sokosi. Abambo sanandiyang'ane.

Anesi anati phazi ili silawo, lipite ku chipatala chachikulu tsiku lomwelo. Abambo anakana. Ati angopatsidwa mankhwala opaka, phazi lawo amalidziwa, likumva bwinobwino, zikavuta adzaliona mwana wawo akamaliza sukulu. Anesi sanatsutse. Anangotenga kachingwe kaja, anawavula silipasi ya phazi linalo, n'kunena kuti atseke maso. Anafunsa, abambo ati ndamva. Anafunsanso, ati ndamva. Kachingwe kanali kasanawafike. Anesi anandiyang'ana ine.

Ndinaika chikwama pansi, ndinagwada, ndinafumbata zala za phazi labwinolo ndi manja anga onse awiri. Linali lozizira. Ndinakhala choncho kanthawi, iwo ali chitsekere, akudikira funso. Kenako ndinati, "Abambo, phazi lanu lili m'manja mwanga kuyambira kale. Mwamva?"

Anatsekula maso. Anayang'ana manja anga, anayang'ana phazi, ngati ndi la munthu wina. M'chipindamo munamveka mawu ako okha panja, ukuitana mayina. Kenako anati, "Sindikumva, mwana wanga. Chiyambire mvula ija makina ndimapalasa ndi khutu. Ndimamvera kulira kwake kuti ndidziwe kuti phazi likuyenda."

Anesi anati, "Zikomo bambo. Pano tingathe kuyamba."

Asanadzuke anatipempha chinthu chimodzi, kuti mnyamata asadziwe kuti chilonda chinayamba ndi nsapato. N'chifukwa chake sakunena. Wazidziwa m'kalata imene ndinalemba ndisanalonjeze, ndiye ine sindinaswe lonjezo. Koma pamaso pawo usazinenenso. Nsapatozo uzisunge pamene angazione, kungoti asavale.

Za kusiya ntchito usazitchulenso, ngakhale kwa ine. Nsapato unatumiza ndiwe, ndi zoona. Koma za kufunsa munthu usanamukhudze ndinazimva kwa ndani? Ukanapanda kunyamula beseni kumeneko, ine ndikanatsukabe ndi madzi a mchere mpaka mwendo kupita. Ine ndinalephera kunena, iwe unalephera kumva, abambo anabisa. Tagawana tonse atatu, usanyamule wekha.

Lamba ndinamubisa m'sutikesi ya amayi, poti ndimadziwa kuti imeneyo saitsegula. Ndamubwezera pa makina. Masiku oyamba msoko umakhota, ndimasula kambirimbiri, koma mayunifolomu otsala aja ndamaliza ndipo eni ake atenga osadandaula. Izi zokha uwauze. Uwauzenso kuti akabwera adzidula ndi kuyeza anthu, kupalasa ndizipalasa ine.

Madzulo aliwonse uwavule sokosi, uyang'ane pakati pa zala ndi pansi pa chidendene, mapazi onse awiri. Ukawakhudza n'kufunsa, akati sindikumva, usachite mantha. Ine ndinawadikira mawu amenewo miyezi yonseyi.

Ndine mlongo wako,
Chete